Minuet ya kilarineti ndi kiyibodi: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

8 Febuluwale

Ndayamba kope ili chifukwa ndimadzidziwa. Ndikapanda kulemba, pofika Pasaka ndidzakhala ndikungouza anthu kuti "ndinali ndi kanyimbo kena", ngati zitatu zija zomwe zinafera kumapeto kwa kope la sikimu.

Ntchito ndi iyi: kupeka nyimbo ya zida zokhazokha, yopanda mawu, mwa kapekedwe ka ku Ulaya ka m'zaka za m'ma 1700, kenako n'kuipereka kwa anthu oti andiuze zoona. Ine si katswiri ayi. Ndimaphunzitsa ku pulayimale kuno ku Zomba, Lamulungu n'kumakhala pa kiyibodi kutchalitchi. Zonse zomwe ndikudziwa ndinatola m'kwaya, pa solofa, d r m f s l t uja amene akwayamasitala amalemba pa bolodi ndi choko. Njira imeneyi anaifalitsa m'busa wa ku England, John Curwen, atatengera kwa mayi wina wa ku Norwich, Sarah Glover, ndipo kuno inafika m'zikwama za amishoni. Pakamwa imagwira ntchito bwino kwabasi. Koma woimba chida amafuna staff, mizere isanu ija, ndipo staff ndaiphunzira nditakula kale, ndili ndi zaka 38. Mpaka lero ndimawerenga chala chili pamzere ngati mwana wa Sitandade 2.

Ndasankha minuet chifukwa ili ndi mpanda. Ndi gule amene ankavinidwa kunyumba ya mfumu ya ku France, Louis XIV, ndipo pambuyo pake opeka nyimbo otchuka, Haydn ndi Mozart, ankakonda kumuika ngati gawo lachitatu la symphony, nyimbo yaitali ya gulu lalikulu la zida. Imagunda katatu pa bar iliyonse, kutanthauza kachigawo kakang'ono koyezera nyimbo. Ndizingolemba kuti bar, zikachuluka ma bar, chifukwa ndikati mabala mungaganize kuti ndagonekedwa kuchipatala. Dongosolo lake ndi lodziwikiratu: zigawo ziwiri, chilichonse chibwerezedwe, kenako kagule kena kotchedwa trio, kenako kubwerera koyambirira. Wongoyamba kumene ngati ine akasowa mpanda amangoyendayenda ngati mbuzi yodula chingwe, dzuwa n'kulowa asanadye kanthu.

Pakadali pano ndili ndi ma bar 8 mu kiyi ya F. Chuni chinandipeza ndikuyenda wapansi kuchokera ku Chinamwali, ndipo ndinachilemba mu solofa kuseri kwa lisiti la mu golosale. Chimakwera d m s, n'kuzengereza pang'ono pa r m r m, kenako n'kutsika. Pozengereza pamenepo ndi pomwe ndikupakonda kwambiri.

22 Febuluwale

Alamu andibwereka laputopu yawo yakale. Ndaikamo MuseScore, pulogalamu yaulere yolembera staff. Yomwe ndatsitsa ndi MuseScore 4, imene inatuluka mu Disembala 2022, ndipo kalaputopu kakulemedwa nayo ngati bulu wokoka ngolo ya njerwa. Batire lake linafa kalekale, choncho Lachitatu magetsi atazima ma bar 6 anapita nawo limodzi. Tsopano zala zanga sizichoka pa Ctrl ndi S, mabatani osungira ntchito.

Minuet yatha: gawo loyamba ma bar 8, lachiwiri 12, onse pamodzi 20. Chuni ndapatsa chitoliro, piyano n'kumaperekeza. Ukadina batani, kompyuta imakuimbira zomwe walemba, osalakwitsa, osatopa, osadandaula. Kumva zinthu zochokera m'mutu mwako zikutuluka m'sipika kumaledzeretsa. Ndamvetsera kambirimbiri, mpaka mayi akunyumba anabwera kudzafunsa ngati nsima ndikuifunabe kapena aisungire mawa.

9 Malichi

Ndatulutsa MP3 n'kuyamba kuipereka kwa anthu.

Oyamba anali mayi akunyumba. Anamvetsera mpaka kumapeto uku akusankha nyemba m'lichero, kenako anati, "Bambo, nanga mawu ake ayamba liti?" Nditalongosola kuti mawu mulibe, anati ikukhala ngati ija amakuikira pafoni akati dikirani pang'ono tikulumikizeni. Akananena mwachipongwe bwenzi nditaseka. Ananena moona mtima, ndiye zinalowa.

A kwaya ndinawatumizira pa WhatsApp. Zomwe zinabwera ndi tizithunzi ta moto ndi ta manja owomba. Wina anati "Mozart wa pa Zomba". Akwayamasitala anati, "Aphunzitsi, chuni chabwino ichi, ikanimo vesi tidzaimbe pa Pasaka." Ndinagona mtima uli m'malo, koma kutacha ndinaona kuti palibe chomwe ndatolapo. Wolakwa ndi funso langa. Ndinkafunsa kuti "mwaiona bwanji?", ndipo kwathu kuno palibe amene amauza mnzake pamaso kuti mwana wake ndi wosaoneka bwino. Ena ndikukhulupirira kuti sanatsegule n'komwe. Bandulo ndi yodula, sindikuwaimba mlandu.

Ndemanga yeniyeni yachokera kwa amene sindinamufunse. Mwana wathu wamkazi wa zaka 9 wakhala akuimba chunichi mong'ung'udza akamatsuka mbale. Ma bar 8 oyamba amawaimba bwinobwino, ndi r m r m yemwe, koma akafika poyambira gawo lachiwiri amangobwerera koyamba. Ndamutchera khutu masiku anayi osamuuza. Gawo lachiwiri sanalikhudzepo n'kamodzi komwe, chonsecho walimva kochuluka mofanana ndi loyamba. Pa ma bar 12 amenewo pali china chake chosagwira.

23 Malichi

Msuweni wanga wa ku Blantyre anaphunzira zoimbaimba ku yunivesite ndipo amaphunzitsa ana piyano. Ubwino wa chisuweni ndi wakuti munthu amakunena mwaufulu, iwe osaloledwa kukwiya. MP3 anaikana. "Asuweni, za kompyutazo ayi, imeneyo imakometsa chilichonse. Ndipatseni pepala ndione ndi maso." Patapita masiku atatu anabweza zithunzi za pepala langa lili psuu ndi cholembera chofiira, ndendende momwe ine ndimachitira ndi makope a ana.

Zina zinali zosavuta kuvomera. Pa bar 11 dzanja lamanzere ndinalipatsa manoti awiri otalikirana masitepe 10. Kompyuta ilibe zala, koma dzanja la munthu wamba limafika pa okitevu, masitepe 8, mwina 9 akalitambasula zolimba. Apa ndiye ndinagwidwa, chifukwa zinaonetseratu kuti ineyo, woimba kiyibodi, ndinali ndisanayesepo kuimba ndi manja anga zomwe ndalemba. Pa bar 19 t wanga, m'malo mokwera kukafika pa d monga khutu limayembekezera, anadumphira pansi. Za gawo lachiwiri anagwirizana ndi mwana wanga mosadziwa: akuti likungoyenda ngati mlendo wosaka nyumba usiku, pamene minuet zambiri zimabweretsanso chuni choyamba chakumapeto kwa gawolo kuti womvera adziwe kuti wafika.

Chachikulu chinali mizere iwiriiwiri yofiira m'malo asanu, pambali pake atalemba kuti parallel fifths. Mu solofa zili chonchi. Besi ali pa d, wapamwamba ali pa s. Besi akusunthira pa r, wapamwamba pa l. Ndiye kuti awiriwo ayendera limodzi, mtunda wa masitepe asanu osasintha. M'kapekedwe kamene ndikutsanziraka zimenezo n'zoletsedwa. Chifukwa chake akuti d ndi s amagwirizana kwambiri moti akayendera limodzi amasungunukirana, khutu n'kumva liwu limodzi lonenepa m'malo mwa awiri oima paokha. Lamuloli ndi lakalekale. Johann Joseph Fux wa ku Vienna analiika m'buku lake lophunzitsira kupeka la mu 1725, lomwe Haydn yemwe anaphunzirapo.

Ndinayatsa kiyibodi n'kuimba malo asanuwo limodzilimodzi. Onse ankamveka bwino kwa ine. Awiri mwa iwo ndi malo omwe ndinkanyadira. Ndinayankha kuti zikomo asuweni, koma mumtima ndinkati sukulu yamutseka makutu ameneyu.

5 Epulo

Sabata yatha tinali pa maliro kumudzi, cha ku Jali. Amayi anachezera kuimba m'nyumba ya siwa, ife amuna tili panja pa moto. Si malo oganizira za minuet, ndikuvomera, koma khutu silipempha chilolezo. Woyambitsa akakweza, olandira onse ankakweza naye. Akatsitsa, onse pansi. Mawu apansi ankatsatira apamwamba ngati chithunzithunzi, mtunda wake umodzimodzi, mzere wonse mpaka kumapeto. Zomwe msuweni anandilembera mofiira zinali pamenepo usiku wonse, ndipo panalibe wodandaula. Anthu ankalira nazo.

Pobwerera m'minibasi ndinkaganizira chifukwa chake. Chichewa chimasiyanitsa mawu ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba chimodzimodzi, koma pakamwa ndi zinthu ziwiri. Tsono anthu akamaimba mawu amodzimodzi pa nthawi imodzi, wina n'kukweza pomwe mnzake akutsitsa, mmodzi wa iwo akupotoza mawuwo. Njira yosungira tanthauzo ndi kuyendera limodzi. Opeka a ku Ulaya aja ankafuna kuti besi atsike pamene sopulano akukwera, aliyense ndi njira yake. Agogo athu ankafuna kuti mawu amveke. Nditafika ndinamvetserako zina mwa nyimbo zomwe Hugh Tracey anajambula m'midzi ya kuno m'zaka za m'ma 1950, dziko likadali Nyasaland, ndipo kayendedwe komweko kakumvekamo.

Nyimbo yanga ilibe mawu oti ndiwateteze, koma khutu lomwe laipeka linaleredwa ndi mawu. N'chifukwa chake malo asanu aja sindinamvepo cholakwika.

Komabe msuweni sanalakwe. Ndinanena ndekha, popanda wondikakamiza, kuti ndikulemba minuet ya kapekedwe ka m'ma 1700, ndipo ukakhala pa bawo sutsatira malamulo a drafuti. Chinanso, ma fifth angawo sindinachite kuwasankha. Anangogweramo ine ndili m'tulo. Nditati lero ndiyambe kuwateteza kuti ndi chikhalidwe chathu, ndiye kuti ndikubisa ulesi kuseri kwa agogo. Ndiye ndagamula chonchi: mu minuet ndichotsa onse asanu. Mu trio, yomwe sindinayambe, ndiwaika mwadala, mzere wathunthu, kuti pasapezeke woganiza kuti ndi ngozi.

Kukonza kwandidyera madzulo atatu. Ukasuntha noti imodzi ya besi pothawa fifth, imakabala ina kutsogolo, ngati denga laudzu lomwe ukatseka apa limadonthera apo. Ndapeza kuti kutsitsa besi pomwe chuni chikukwera kumathetsa milandu yambiri. Ndipo ndinene zoona ngakhale zikuwawa: pa bar 6 pakumveka bwino kuposa kale, besi tsopano ali ndi kanyimbo kakekake. Gawo lachiwiri ndaligwetsa n'kulimanganso. Ma bar 4 okha ndi omwe akupita kokayenda, pa bar 13 chuni choyamba n'kubwerera.

26 Epulo

Pasaka yandilanda masabata awiri, kwaya tsiku ndi tsiku. Trio yatha dzulo, ma bar 16, kuyambira 21 mpaka 36. Dzinali linabwera chifukwa kale kagawo kameneka kankaimbidwa ndi zida zitatu zokha, gulu lonse litakhala chete. Kwa ine atatuwo ndi chitoliro ndi manja awiri. Lamanja likuyendera limodzi ndi chitoliro monga amayi a pa siwa aja, lamanzere likugunda kawiri pomwe anzake akugunda katatu, ngati kuwomba m'manja kwa pa chinkhoswe.

Vuto latsopano ndi lakuti woimba chitoliro chachizungu ndilibe. Akwayamasitala andiuza za bambo wina wachikulire wa mpingo wina, amene anapuma ntchito ku bandi ya asilikali ndipo akusungabe kilarineti yake, chida china chouzira. Avomera kuti ndikawapeze. Ndasindikiza pepala la chitoliro lija kuti ndipite nalo. Chida chouzira ndi chouzira basi.

10 Meyi

Si choncho ayi.

Ndinakweza kiyibodi pa kabaza mpaka kwa madalawo. Ndi munthu wa zaka za m'ma 70, wowongoka ngati akadali pa perete. Anatulutsa kabokosi kakuda n'kuyamba kulumikiza zidutswa zisanu za chidacho mosapupuluma, kabango kake ali nako m'kamwa kuti kafewe. Tibango timeneti amati ma ridi. Akuti kuno sitipezeka wamba, mdzukulu wawo ndiye amawabweretsera kuchokera ku Johannesburg, ndipo atsala nato titatu. Ndinayamba kuchita manyazi ndisanaimbe n'komwe.

Tinawerenga katatu n'kuyamba. Galu wawo, amene anagona pakhonde, anadzuka n'kupita kuseri. Ndinkaganiza kuti zala zanga zaphonya. Madala anatsitsa chida, kuyang'ana pepala, n'kuseka. "Aphunzitsi, pepala ili si langa. Mwandipatsa la chitoliro." Kilarineti yawo ndi ya B flat. Akawerenga C n'kuika zala za C, chomwe chimatuluka ndi B flat, sitepe imodzi pansi. Choncho nyimbo ya mu F iwo amafunika kuwalembera mu G. Ine ndinali mu F, iwo mu E flat, bar ndi bar, aliyense ali ndi chikhulupiriro kuti akulondola. MuseScore imadziwa zimenezi, ikanakonza yokha ndikanangosintha dzina la chida. Ine ndi amene sindinadziwe kuti pali chofunsa. Madala anangoti "tiyeni", n'kuyamba kukweza noti iliyonse m'mutu uku akuwerenga. Akuti ku bandi zimenezo zinali za tsiku lililonse.

Ulendo wachiwiri tinafika pa bar 15, iwo n'kuima, mitsempha ya m'khosi itatuluka. "Mwana wanga, kodi amene munamulembera nyimboyi alibe mapapo?" Tinawerengera limodzi. Kompyuta ndinaiika pa 120, kutanthauza kugunda ka 120 pa mphindi, ndiye bar iliyonse ndi sekondi imodzi ndi theka. Minuet ndi kubwereza kwake ndi ma bar 40. Mphindi yathunthu, ine osaikamo popumira ngakhale pamodzi. M'kwaya sindikanalakwitsa chonchi, chifukwa mawu amakuuza okha popumira, pali mpatuliro, pali mpumiro. Mawu omwe ndinawachotsa aja andilanganso kachiwiri. Madala anatenga pensulo n'kuika timizere pamwamba pa staff pomwe munthu angabe mpweya, pafupifupi ma bar 4 aliwonse.

Chachitatu ndi chomwe chinandiwawa, chifukwa chinakhudza r m r m wanga. Mu F, r ndi G ndipo m ndi A. Pa zala zawo ndi A ndi B. Anandiitana pafupi kuti ndione zala. A ameneyo amatuluka mabowo ali otsegula, chala chimodzi chokha chikudina kachitsulo kapamwamba. B amafuna mabowo onse atsekedwe, zala za manja onse awiri zitsike nthawi imodzi, chala chachikulu n'kudinanso kachitsulo kakumbuyo. Pamenepo ndi pomwe chidacho chimasinthira liwu, kuchoka pa lapansi kupita pa lapamwamba, ndipo oimba amapatcha break. Kuwoloka kamodzi si nkhani. Ine ndinawalembera kuti awoloke katatu mu bar imodzi, chauku ndi chauko, ndipo bar yoteroyo ikubwera mobwerezabwereza. Anaimba ndithu, ndi msilikali, koma kuzengereza kokoma kuja kunasanduka chibwibwi.

"Nyimbo yanu si yoipa," anatero, "koma mwaikhazika pamalo oipa. Ikwezeni mu B flat. Ine ndidzawerenga mu C, ndiye zonsezi zidzakhala pamwamba pa break, pomwe chida chimaimba momasuka."

Za trio sananene zambiri. Anaimba kawiri, phazi likugunda pansi, kenako anati, "Apa ndiye mwafika kumudzi." Mayi akunyumba kwawo anatipatsa tiyi ndi mbatata, ndipo pondiperekeza madala anandiuza kuti papita zaka osatsegula kabokosiko pamaso pa munthu.

24 Meyi

Kusamutsa kiyi pa kompyuta ndi ntchito ya masekondi. Kukonza zomwe zasokonekera chifukwa cha kusamukako kwatenga masabata awiri. Chuni ndachikweza masitepe anayi. Besi ndinafuna kumutsitsa, koma kiyibodi yanga ndi ya makiyi 61, osati 88 ngati piyano, ndipo imathera pa C wapansi. B flat amene ndinkafuna ali panja pa pulasitiki. Ndamukweza okitevu. Ulendo uno chilichonse ndachiyesa ndi zala zanga ndisanachivomereze. Popumira ndaika, ndipo m'malo awiri kilarineti ndaikhazika chete bar yathunthu, kiyibodi n'kuyankha yokha. Poyamba ndinkaona ngati ndikuibowola nyimbo. Tsopano malo amenewo ndi omwe akumveka ngati anthu awiri akucheza. Liwiro ndalitsitsa kufika pa 108, chifukwa madala anati pa 120 ovinawo akuthamangira basi. Yonse, ndi kubwereza komwe, ndi ma bar 92, pafupifupi mphindi ziwiri ndi theka.

Msuweni waonanso. Mu minuet wapeza fifth imodzi yatsopano pa bar 17, yomwe ndinaibala pokonza zina, ndipo ndaichotsa mosatsutsa. Pa trio sitikugwirizana. Akuti akumvetsa kuti ndachita dala, koma msoko wa pakati pa bar 20 ndi 21 ukuonekera kwambiri, ngati munthu wovala jekete la suti kumtunda, kumunsi chitenje. Akufuna kuti fungo la trio liyambe kumveka m'minuet momwemo, womvera asadzidzimuke. Madala akuti ndisagwirepo, kudzidzimukako ndiye nyimboyo. Mayi akunyumba nditawaimbira trio yokha anaimika simbi n'kuyamba kugwedeza mapewa, ndipo za mawu sanafunsenso.

Apa ndi pomwe pavuta kuposa ponse. Cholakwika chenicheni, monga dzanja losafika kapena mapapo otha mpweya, chilibe mkangano, umangokonza. Koma anthu awiri odziwa, onse ondifunira zabwino, akaloza njira ziwiri, palibenso wachitatu wokamufunsa. Ndayenda nazo m'mutu masiku angapo. Ndatengako theka la maganizo a msuweni: pa ma bar awiri omaliza a minuet dzanja lamanzere layamba kale kusokoneza ziwiri ndi zitatu. Iye akuti zimenezo ankachitanso opeka a nthawi ya Handel, wa m'ma 1700 momwemo, pafupi ndi mapeto a gawo, amati hemiola, choncho palibe amene walakwiridwa. Ma fifth a mu trio ndawasiya onse.

14 Juni

Tajambula lero m'kalasi langa, poti Loweruka kulibe ana. Foni ndinaiimika pa desiki poitsamiritsa ku bokosi la choko, chapatali pang'ono ndi madala kuti asamize kiyibodi. Kunazizira koopsa, phiri lonse lili m'chifunga, ndipo kilarineti inali pansi pang'ono poyerekeza ndi kiyibodi. Madala anati chida chouzira chikazizidwa chimatsika. Chikakwera ungathe kusolola kachidutswa kapamwamba kuti chitalike, koma chikatsika mankhwala ake ndi kuchifunditsa basi. Anachilowetsa m'jekete, kenako n'kumauziramo mpweya wopanda liwu. Kiyibodi yanga ndi yochunidwa monga mwa muyezo wodziwika. Ndinaitsitsako pang'ono kuti tiyesere, ndipo patatha mphindi khumi chida chitafunda ndinaibwezera pamalo.

Tinajambula maulendo 7. Woyamba ndinalakwitsa ine, wachiwiri inenso. Wachitatu njinga yamoto inadutsa pakati pa trio, wachinayi ridi inalira kwii pa bar 30 ndipo madala anaiyang'ana ngati mwana wosamvera. Tasunga wachisanu ndi chimodzi. Muli noti yanga imodzi yolakwika pobwerera koyamba, ndipo kukoka mpweya kwa madala kukumveka tisanalowe bar 13. Ndazisiya momwemo. Madzulo ndinatsegulanso MP3 ya mu Malichi ija kuti ndiyerekeze, koma sindinaimalize. Ndi yosalala ngati sopo.

Ulendo uno ndatumizira anthu asanu okha, ndipo "mwaiona bwanji" ndamusiya. Ndafunsa kuti maganizo anu anachokapo pati, ndiimbireni chomwe mwakumbukira, ndipo nditakupatsani lumo mungadule chiyani. Mayankho asintha nthawi yomweyo. Awiri, osauzana, akuti kubwereza gawo lachiwiri la minuet kukutalikitsa zinthu. Mmodzi wanditumizira liwu lake akuimba kuyambira pa bar 9, malo omwe mwana wanga ankawalambalala aja, ndipo waphonya noti imodzi yokha. Akwayamasitala akufunabe vesi. Msuweni walemba mizere iwiri basi: "Asuweni, tsopano ndi nyimbo. Pa bar 26 besi wanu wagona."

Zotsala ndi izi. Za kubwereza ndiganizire kaye, chifukwa ndikachotsa ndiye kuti ndaphwanya mpanda womwe ndinausankha ndekha. Besi wa pa bar 26 ndimudzutse. Pepala la kilarineti ndisindikizenso ndi manoti akuluakulu, chifukwa lero madala amachita kuweramira. Ndipo alamu akamapita ku Johannesburg mu Ogasiti ndiwatume bokosi la ma ridi, nambala yake ndailemba kuseri kwa kopeli.

Tikulongedza, madala anafunsa ngati ndingalembe ina yoyenda pang'onopang'ono, yotsikira pansi penipeni pa chida, kumene akuti kilarineti imalankhula ngati munthu wamkulu. Ndinawauza kuti ndili kale ndi ma bar 4 m'mutu, ndipo ndinawaimbira pakamwa titaima pakhomo la kalasi. Anamvetsera atatsinzina, n'kuti pa bar yachitatu palibe popumira.